Agogo Olandira Alendo pa Khomo la Kachisi



Sabata ino tiyeni tisuzumire kunja kwa mpanda wathu. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka lero tikabwereka kwa anthu amene sitipemphera nawo limodzi. Awa ndi a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, amene ambiri timangowatchula kuti Amormoni, ngakhale eni ake adapempha mu 2018 kuti azitchulidwa ndi dzina lonse la mpingo wawo. Mpingowu adauyambitsa Joseph Smith ku America mu 1830, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City. Tikamva za iwo, ambirife timaganiza za anyamata oyenda awiriawiri m'mizinda ya dziko lino, ovala malaya oyera, tayi ndi kabaji kakuda pachifuwa. Komatu alipo amishoni ena amene sitikumana nawo m'misewu: agogo aamuna ndi akazi awo, amene akapuma pa ntchito amakhoma nyumba yawo nkupita kukatumikira m'kachisi.

Kwa iwo kachisi ndi wosiyana ndi tchalitchi. Lamulungu amasonkhana m'nyumba zopemphereramo, momwe aliyense angathe kulowa. Kachisi ndi nyumba yopatulika mwapadera: Lamulungu amakhala wotseka, ndipo akangodalitsidwa amalowamo okhawo amene atsogoleri awo awapatsa kalata yachilolezo. M'menemo ndimo amamanga maukwati amene iwo amakhulupirira kuti sathera pa manda, amalumikiza ana kwa makolo awo mpaka muyaya, ndiponso amabatizidwa m'malo mwa achibale awo amene adamwalira. Mpaka mu 1978 anthu akuda sankaloledwa kulandira miyambo ya m'kachisi. Lamulolo litachotsedwa, kachisi woyamba mu Africa adatsegulidwa ku Johannesburg mu 1985.

Ku Malawi kuno kulibe kachisi wotere. Kwa zaka zambiri, Mmalawi wa mpingo umenewu akafuna kumangitsa banja lake m'kachisi ankayenera kupita ku Joni. Njirayo ife a kumpoto kuno timaidziwa bwino, pakuti ndi yomwe amadzera abale athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay pokafuna ntchito: kuchoka pa depoti ya Mzuzu, kutsika ndi msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, kutulukira pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, nkukaima pamzere pa Beitbridge. Ndi mtunda woposa makilomita 2,000. Mu 2016 mpingowu udalengeza zomanga kachisi wina ku Harare, ndipo ntchito yomangayo idayamba mu Disembala 2020, kuti ulendo wa anthu a kuno ufupikeko. Munthu wofika kumapeto kwa ulendo wotere amakhala miyendo itatupa, ana akulira ndi njala, mtima ukugunda poopa kulakwitsa pa malo achilendo. Amene amamulandira pakhomo nthawi zambiri ndi agogo amene tikunenawa.

Banja lotere silichita kukakamizidwa. Ana akakula nkuchoka pakhomo, awiriwo amakauza atsogoleri awo kuti ali okonzeka kutumikira, amapimidwa ndi madokotala, kenaka amadikira kalata yowauza kumene atumizidwa. Utumikiwo umatenga miyezi 6, 12, 18 kapena 23. Salandira malipiro. Chakudya, lendi ndi zina zofunika amalipira ndi ndalama zawo za penshoni ndi zimene adasunga pa moyo wawo wonse. Kumene afikako amakhala m'kanyumba kakang'ono kokhala ndi mipando imene sadasankhe okha. Mwamuna amatchedwa Elder, mkazi Sister, ndipo kaya wina adali dokotala, mphunzitsi wamkulu kapena mlimi, zonsezo zimatsala kwawo.

Tiyeni titsate tsiku lawo limodzi ku Johannesburg. Ngati ali m'gulu loyamba ntchito m'mamawa, amadzuka kusanache. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mzindawu umazizira monga muja kumazizirira kuno ku Mzuzu nkhungu ikakuta Katoto ndi Luwinga. Amapemphera limodzi, amawerenga malembo awo, amameza mankhwala amene ukalamba udawapatsa, nkudya kadzutsa. Pa tebulo lawo simudzapeza tiyi kapena khofi, ngakhale khofi wathu wa Mzuzu amene timamunyadirayu, chifukwa lamulo lawo la za umoyo la mu 1833 limawaletsa zakumwa zimenezi pamodzi ndi mowa ndi fodya.

Akafika ku kachisi amasintha zovala nkuvala zoyera kuyambira kuphewa mpaka kuphazi. Ogwira ntchito onse amayamba ndi kamsonkhano ka pemphero, ndipo aliyense amauzidwa malo amene aime ndi nthawi yake. Agogo aamuna mwina akhala pa tebulo la pakhomo kuona makalata achilolezo, kenaka atsikira kumalo obatizira kukaonetsetsa kuti dzina la womwalira aliyense latchulidwa bwino ndi kulembedwa. Agogo aakazi mwina athandiza mayi amene wabwera koyamba kupeza diresi loyera lomukwana, aperekeza mkwatibwi, kapena akhala ndi ana amene akudikira kuitanidwa kuti akalumikizidwe kwa makolo awo. Pena ntchito ya tsikulo imangokhala kuchapa, kusita ndi kupinda matawulo ndi zovala zoyera. Amayankhula monong'ona, amaima maola ambiri, ndipo mawu a miyambo ayenera kuwaloweza pamtima popanda kuphonya, chinthu chimene sichapafupi kwa munthu wa zaka 70. Pakati pa zonsezi mwamuna ndi mkazi wake amangodutsana m'kanjira nkumwetulirana, aliyense akupita kumene watumidwa.

Madzulo amabwerera kunyumba, amaphika, amaviika mapazi m'madzi ofunda, nkuyimba foni ya kanema kuti aone zidzukulu. Apa ndi pamene pagona mtengo weniweni wa utumiki wawo. Mdzukulu amabadwa iwo ali kutali, wina amakwatiwa, m'bale amamwalira maliro nkuikidwa iwo kulibe. Lolemba, limene kawirikawiri kachisi amakhala wotseka, amagula zapakhomo, kuchapa ndi kukolopa. Lamulungu amakapemphera ndi mpingo wa m'dera lina la mzindawo. Lachiwiri zonse zimayambiranso chimodzimodzi. Mlendo wa ku Malawi amene amuthandiza lero mwina sadzamuonanso, ndipo iyeyo pobwerera kwawo mwina sadzakumbukira nkomwe dzina la gogo amene adamugwirira mwana.

Tisabisane: chikhulupiriro chawo ndi chathu nzosiyana kwambiri. Iwo amamvetsa Utatu Woyera mwa njira ina, ndipo mu 2001 likulu la Mpingo wathu ku Vatican lidagamula kuti ubatizo wawo Mpingo wa Katolika suuvomereza. Ife sitibatizidwa m'malo mwa akufa. Timawapempherera, timawaperekera Nsembe ya Misa, makamaka pa 2 Novembala ndi m'mwezi wonsewo. Tsono sitikunena kuti tikatengere ziphunzitso zawo. Chimene chatigwira mtima ndi chakuti mpingo umenewu umayang'ana munthu waimvi nkumuona kuti ndi wantchito, ndipo umamupatsa udindo weniweni umene ukapanda kugwiridwa anthu amavutika. Nawonso okalambawo amavomera kuthera zaka zawo zakumapeto pa ntchito imene palibe amene angawaombere m'manja.

Zimenezi siziyenera kukhala zachilendo kwa ife. M'mutu wachiwiri wa Mthenga Wabwino wa Luka timamva kuti Maria ndi Yosefe atabwera ndi Mwana Yesu ku Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, amene adamuzindikira adali okalamba awiri: Simeoni, ndi Ana, mayi wamasiye wa zaka zambiri amene sankachoka m'Nyumbamo, akusala zakudya ndi kupemphera usana ndi usiku. Adamuzindikira chifukwa adalipo. Adakhala akubwera tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri pamene panalibe chodabwitsa chilichonse, ndipo tsiku limene Mpulumutsi adalowa lidawapeza ali pamalo pawo.

Nafenso tili nawo otere. Ndani amafika ku Misa ya m'mamawa pakati pa sabata, mvula ya Mzuzu ikuwaza, pamene ife tidakafunda bulangete? Ndani amachapa nsalu za paguwa, kusesa m'tchalitchi Loweruka, kutsogolera Kolona pa maliro, kuyendera odwala ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, kulangiza mabanja amene atsala pang'ono kupasuka? Ambiri mwa iwo ndi agogo athu. Alibe kabaji pachifuwa, alibe penshoni yokwerera ndege, ndipo ena akulera zidzukulu zamasiye ndi kamunda kakang'ono. Utumiki wawo sutha pa miyezi 23.

Chomvetsa chisoni nchakuti m'dziko lathu lino imvi zasanduka mlandu. Mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ku Neno powaganizira za ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Nkhani zotere zamveka m'maboma ambiri, kumpoto kunonso, ndipo kawirikawiri onyamula miyala ndi zibonga amakhala achinyamata. Kupha gogo kumayambira patali. Kumayamba pamene taleka kumufunsa maganizo, taleka kumupatsa chochita, tayamba kumuona ngati katundu wotsekereza njira. Munthu amene mudzi waleka kumuwerengera savuta kumunamizira. Koma gogo amene timagwira naye ntchito sabata ndi sabata, amene tikudziwa mawu ake ndi nthabwala zake, palibe amene angatiuze bodza za iye ife nkukhulupirira.

Mu 2021 Papa Francis adakhazikitsa tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julayi. Ndi tsiku labwino, koma mphatso ya sopo ndi shuga kamodzi pachaka siyokwanira. Tikupempha gulu lililonse la achinyamata m'miphakati yathu kuti sabata ino lichite chinthu chimodzi. Pezani banja la okalamba, kapena gogo amene amakhala yekha, ndipo mukamupemphe thandizo. Apempheni abwere adzafotokozere amene akukonzekera ukwati momwe adapirirana zaka 40. Apempheni aime nanu pakhomo la tchalitchi kulandira alendo Lamulungu. Ngati miyendo yawo yafooka, muwatengere mayina a odwala ndi a ophunzira amene akulemba mayeso kuti aziwapempherera, ndipo mudzabwerenso kudzawauza momwe zinthu zayendera. Amene amachapa nsalu za paguwa aja, kawatungireni madzi nkukhala nawo mpaka nsaluzo zitauma.

Ifenso tidzifunse. Ngati Mulungu atipatsa zaka 70, kodi zidzatipeza tili ndi chizolowezi chotumikira? Agogo a ku kachisi aja sadayambe kudzipereka tsiku limene adapuma pa ntchito. Adazolowera kale ali anyamata ndi atsikana ngati ife, ndipo adasankha bwenzi la ukwati limene angathe kugwada nalo limodzi.

Ambuye adalitse agogo athu onse, awapatse mphamvu ndi ulemu umene auyenera, ndipo ife atipatse maso owaona. Tikufunirani sabata yabwino nonse.