Khola la Ukonde ku South Bend

Mwana wanga wamkazi atandiuza mu Januwale 2019 kuti akufuna kukayesa mwayi wolowa timu ya softball ya pasukulu yawo, ndinangoti chabwino, poganiza kuti nkhaniyo ithera pomwepo. Ine ndinakula ndi mpira wachikulunga, ndipo mayi ake amadziwa fulaye ndi netibolo basi. Zomenya mpira ndi chibonga tinkangozionera pa wailesi yakanema.

"Adadi, akochi akuti ndizimenya mipira sabata iliyonse mpaka Malichi," anatero mtsikanayo, "apo ayi ndisadzivute n'kubwera komwe."

Tsono kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, mwezi wa Januwale si wosewerera panja. Mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imabweretsa chipale chofewa chokwirira mabwalo onse. Ofuna kuphunzira amapita kumalo omwe eni dziko amati batting cages. Awa ndi makola aatali otchingidwa ndi ukonde mbali zonse ndi pamwamba pomwe, ndipo kumapeto kwake kumakhala makina oponya mpira.

Malo oyamba omwe ndinawapeza pa intaneti anali apanja, pambali pa bwalo la tigalimoto ta ana. Tinayenda mtunda wonsewo n'kukapeza geti lokhoma, maukonde atapindidwa kudikira chilimwe.

Achiwiri anali am'nyumba. Ndinagula matokeni, mwana n'kuvala chisoti, ndipo ndinamulowetsa m'khola lomwe linalibe mzere wa anthu. Sindinafunse munthu. Mipira 20 inatuluka motsatizana, iye osakhudzako ngakhale umodzi. Anatuluka misozi ili chuchuchu, anyamata a khola loyandikana nalo akuyang'ana kumbali ngati sakuona. Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo phula anadya ndi mwana, wosafunsa ndili ine.

Mkulu wina waimvi yemwe anabwera ndi mdzukulu wake ndiye anandikokera pambali. Anandifotokozera kuti ndinaika mwana m'khola la baseball, momwe mpira wake ndi waung'ono ndipo umabwera kuchokera m'mwamba, monga aponyera anyamata. Mpira wa softball ndi wokulirapo, wa mainchesi 12 kuzungulira, ndipo woponya amazunguliza mkono n'kuutaya cham'chiuno, kotero kuti womenya amayenera kuzolowera kuuona ukuchokera m'munsi. Mtunda nawonso ndi wosiyana: pa baseball ndi mafiti 60 ndi mainchesi 6, pomwe atsikana a kusekondale amaponya pa mafiti 43. Usiku womwewo ndinawerengetsera papepala. Mpira wothamanga mamailosi 60 pa ola kuchokera pa mafiti 43 umafika msanga ngati wa mamailosi 84 pa mtunda wa baseball. Apa ndinazindikira kuti nambala yolembedwa pakhomo la khola ilibe tanthauzo ngati sudziwa pomwe makinawo aima.

Mkuluyo anayang'ananso chibonga chomwe ndinagula ndi ndalama za ovataimu, napukusa mutu. Anati mipira yachikasu yokhala ndi timaenje, ija amaika m'makina a matokeni, imatha kuwononga zibonga zodula, choncho ndi bwino kugula chachitsulo chakale cha ntchito imeneyi. Asanachoke anauza mtsikanayo kuti mzinda uno unali ndi timu ya amayi ya baseball, South Bend Blue Sox, kuyambira 1943 mpaka 1954, ndipo inatenga chikho mu 1951 ndi 1952. Mwanayo sanayankhe kanthu, koma tili m'galimoto ndinamuona akufufuza dzinalo pafoni.

Malo achitatu ndinawasankha nditayamba kuchenjera. Ndinaimba foni kaye. Ndinafunsa ngati ali ndi makina a softball yoponya mothamanga, poti kulinso ina yoponya mokweza ndi pang'onopang'ono yomwe amakonda akuluakulu. Ndinafunsa ngati liwiro ndi msinkhu wa mpira zimasinthika, komanso ngati amalola mipira yeniyeni yachikopa. Inali nyumba yakale yosungiramo katundu, yozizira, magetsi ake ena akuthwanima. Kumeneko salipiritsa matokeni. Umachita lendi khola kwa theka la ola, ndipo mipira umaika wekha m'makina utabisala kuseri kwa kaukonde koteteza. Ineyo ndinaona kuti izi ndiye zabwino, chifukwa makina a matokeni sadikira munthu, pomwe apa mwana amatha kupuma, kukonza mapazi, kenaka n'kugwedeza mutu kuti ndiike wina.

Vuto linali thumba. Ndinkagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndipo ndalama iliyonse inali ndi mwini wake kale. Mayi a kunyumba sanabise mawu.

"Bambo a mwana, inu mukudziwa kuti Febuluwale kumudzi ndi mwezi wa njala. Mukawauza chiyani amayi?"

Ndinawaimbira amayi n'kuwauza kuti mwezi umenewo nditumiza zochepa. Atafunsa chifukwa chake, ndinayesa kulongosola za khola, ukonde ndi makina. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti ukulipira ndalama kuti mwana alowe m'khola ngati nkhuku?" Anaseka mpaka kutsokomola, koma ine kuseka kunandikanika, podziwa mtengo wa thumba la chimanga nyengo imeneyo.

Tinapita Loweruka lililonse m'mawa, ine ndikuchokera kuntchito maso ali psuu. Sabata ziwiri zoyamba mipira inkangogwera pamapazi pake. Sabata yachinayi ndinaika mpira m'makina ndikuodzera, ndipo ndinadzidzimuka ndi kuti phwaa! Mpira unamenya kaukonde pafupi ndi nkhope yanga, chitsulo chake n'kunjenjemera.

"Pepani adadi!" anakuwa, koma mano onse ali pamtunda.

Mu Malichi anamutenga m'timu yachiwiri, ya ongoyamba kumene. Tsiku lomwe analandira yunifolomu ndinamujambula n'kutumiza chithunzi kumudzi. Amayi anayankha ndi uthenga wamawu, kufunsa ngati chisoticho sichimulemera mwana, ndiponso ngati mwezi uno ndalama zibwera zonse.