Impso ndi Madzi Amene Timataya

Pa Chichewa pathu mawu oti "mkodzo" satchulidwa wamba pakati pa akuluakulu. Munthu wolemekezeka amangodzuka pabwalo nanena kuti akukataya madzi. Mawuwa ndi aulemu ndithu, koma ine ndimaona kuti amalinamizira thupi, pakuti thupi la munthu ndi loumira kwambiri pa madzi. Amene akukayika aone ntchito ya impso.

Impso zilipo ziwiri ndipo zili chakumsana, m'munsi mwa nthiti, ina kumanja ina kumanzere. Iliyonse kukula kwake ndi ngati nkhonya ya mwini wake, ndipo maonekedwe ake ndi ngati nyemba. Ngakhale ndi zazing'ono chotero, pa magawo asanu a magazi amene mtima umapopa, gawo limodzi limapita ku impso. Apa ndiye kuti lita imodzi ndi kuposerapo pa mphindi iliyonse.

Ambiri amayesa kuti impso imatola zoipa m'magazi monga momwe mayi amatolera timiyala mu mpunga. Sizili choncho, ndipo apa ndi pamene ine pamandizizwitsa. Impso imachita ngati mayi amene wakhuthula dengu lonse la nyemba pamphasa, nayamba kubwezera zabwino m'dengu, zofumbwa nazisiya pansi.

M'impso iliyonse muli timasefa pafupifupi miliyoni imodzi, tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha manefuloni. Kasefa kalikonse kamayamba ndi kampukutu ka timitsempha ta magazi kamene kamakhala m'kachikho. Kachikhoka kamadziwika ndi dzina la William Bowman, dokotala wa ku England amene adakafotokoza m'chaka cha 1842. Magazi amalowa m'kampukutu kaja kudzera mu mtsempha wotakata natulukira mu wopapatiza, kotero kuti amapanikizika. Madzi ake amafinyikira m'kachikho pamodzi ndi mchere, shuga ndi yureya, chotsalira chimene chiwindi chimapanga thupi likagwiritsa ntchito zakudya monga nyama, nsomba ndi nyemba. Maselo a magazi ndi mapuloteni sadutsa chifukwa ndi aakulu.

Madzi osefedwa motere amakwana malita 180 pa tsiku, pafupifupi mgolo wathunthu uja timasungiramo madzi pakhomo. Chikhalirecho magazi onse a munthu wamkulu ndi malita ngati asanu basi. Madzi onsewo akadamatuluka, munthu sakadatha ola limodzi ali moyo. Koma pansi pa kachikho pali kachubu kopindikapindika, ndipo m'menemo ndi momwe nyemba zimabwerera m'dengu. M'chigawo choyamba shuga yense, mchere wambiri ndi madzi ochuluka zimabwezedwa m'magazi. Kenaka kachubuko kamatsika nikakweranso ngati mbedza, ndipo chigawo chimenechi chidatenga dzina la Jakob Henle wa ku Germany. Pa malita 100 alionse, 99 amabwerera. Otsalawo, lita imodzi ndi theka pa tsiku, ndiwo amatsikira m'chikhodzodzo.

Kachubuka kamaponyamonso dala zinthu zina zochokera m'magazi, monga mankhwala. M'chaka cha 1941 ku Oxford, penisilini akadali wosowa, madokotala ankamuyenganso kuchokera mu mkodzo wa wodwala ndi kumubayanso, chifukwa impso zimamutulutsa msanga.

Chigawo chomaliza cha kachubu chimamvera ubongo. Taganizani za mlimi wa ku Nsanje akusosa m'munda mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, thukuta lili kamukamu. Ubongo ukazindikira kuti madzi achepa m'magazi, umatumiza mthenga wotchedwa ADH, ndipo timachubu timabweza madzi ambiri kuposa kale. Mkodzo wa tsiku limenelo umakhala wochepa ndi wachikasu chodera. Mowa umatsekereza mthenga ameneyu. N'chifukwa chake anthu a pabwalo la mowa sakhazikika pansi, ndipo kukacha amadzuka kukhosi kuli gwa.

Ndidaona ndi maso anga chimene chimachitika kubweza kuja kukalephereka. Atsibweni anga adayamba kuonda pamene akudya bwino. Madzi ankamwa chikho ndi chikho koma ludzu osatha, ndipo usiku ankatuluka panja kasanu kapena kuposerapo. Amene adazindikira koyamba adali akazi awo. Iwo adaona kuti kuseri kwa nyumba, pamene atsibweni ankaima usiku, m'mawa pankadzaza nyerere. Ena m'mudzi adati munthuyu walodzedwa, koma atapita kuchipatala adawapeza ndi matenda a shuga. Nyerere zidaanena zoona. Shuga akachuluka m'magazi, amasefedwa wambiri koposa amene timachubu tingathe kubweza. Wotsalayo amatuluka mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. Ludzu lawo lija lidachokera pamenepo.

Chimene chimandiopsa pa impso ndi kufatsa kwake. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimang'amba timasefa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo nefuloni ikafa sipaphukanso ina. Zotsalazo zimangosenza katundu wa zinzake mwakachetechete, moti munthu atha kutaya theka la mphamvu ya impso zake iye osamva kupweteka paliponse. Mapazi akamatupa, mkodzo ukamachita thovu chifukwa cha mapuloteni odutsa pa sefa yong'ambika, zinthu zimakhala zitafika kale patali. Zikatheratu, wodwala amadalira makina osefa magazi monga amene ali pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amakagona pambali pa makinawo maola ngati anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, ngakhale kwawo kukhale kutali motani. Komatu kapepala kakang'ono koviika mu mkodzo, kamene kamasintha mtundu pa mphindi imodzi, kamatha kuonetsa mapuloteniwo mapazi asanayambe kutupa.