Mvekero wa Ping

Patchuthi cha mwezi wa Juni ndinali kwathu ku Bembeke, m'boma la Dedza, kujambula mawu a agogo anga pa kafukufuku wa mvekero. Ndinatolera mawu ngati phi, psuu ndi ngwee. Msuweni wanga, yemwe amaphunzira zamakompyuta, anandikonzera pulogalamu yoti ndizitumizirapo mawuwo kuti aphunzitsi anga aziwamva ali kukoleji. Anaiika mu container ya Docker, kabokosi kosaoneka kamene kamasunga pulogalamu pamodzi ndi zonse zoiyendetsa, pa kompyuta yobwereka imene ili kunja kwa dziko lino.

Koma mawu sankapita. Kwatsala masiku anayi kuti ndipereke ntchito, ine ndinaloza chala kabokosiko. Chinthu chotsekeredwa m'bokosi chingathamange bwanji?

"Asuweni, musaweruze mlandu musanamve mboni," anatero iye.

Mboni yake inali ping. Kapulogalamu aka kamatumiza kauthenga kakang'ono n'kuwerenga nthawi imene katenge kupita ndi kubwerera. Anayamba kuyeza pakati pa kompyuta yakunja ija ndi container yomwe ili m'kati mwake: sipanakwane ngakhale milisekondi imodzi. Container imaonjezeradi kanjira kena kamene uthenga umadutsamo, koma kuchedwa kwake n'kochepetsetsa. Atayeza kuchokera pa laputopu yanga, kudzera pa foni, manambala anadumphira m'mahandiredi, ndipo mauthenga ena sankabwerako n'komwe. Mlandu unagwera chigwa chathu, pakuti nyumba ya agogo ili kuseri kwa chitunda.

Chimene chinandigwira mtima ndi dzina lakelo. Mike Muuss, amene analemba ping mu 1983, anatengera dzinali ku kulira kwa sonar, chida chimene sitima zapamadzi zimafufuzira zinthu pansi pa nyanja. Ndiye kuti ping ndi mvekero! Ine ndinali nditalemba kale molimba mtima kuti mvekero ndi chuma cha zilankhulo zathu zokha. Ndimeyo ndinaifufuta usiku womwewo.

Kutacha tinakwera chitunda chija, mphepo ikulasa m'mafupa, mpaka pamene nsanja za pa phiri la Dedza zinaonekera. Manambala anatsika, mawu onse anapita dzuwa lisanafike paliwombo. Titabwerera, ndinawafotokozera agogo za kulira kwa sonar. Iwo anapukusa mutu nati chitsulo sichilira ping, chimalira ngwee.