Mfuti ya matama inanichita manyazi pamaso pa bapongozi

Ine nakulila mu Chawama. Chida chamene nenze kuziba ni malegeni, yolasila tunyoni kumbuyo kwa nyumba. Manje ninkala ku Wisconsin, ku America, nisebenza mu warehouse, ndipo madam wanga ni wa konkuno. Ku banja kwao kulasa deer ni nkhani ikulu monga mwamene ise titengela bola.

Deer ya kuno baitana white-tail. Ganizani mbawala, koma ikulu kupambana impala, ing'ono kuli kudu. Chaka chilichonse mu November boma imasegula masiku 9 yolasa na mfuti, kuyambila pa Saturday yamene ibwela Thanksgiving ikalibe kufika. Bantu bamatenga leave, bonse bavala ma jacket ya orange kuti munzako asakuyese nyama. Aliyense wobadwa kuchokela mu 1973 afunika kupasa kosi ya hunter education akalibe kugula licence.

Chaka chachitatu cha ukwati, bapongozi baamuna bananiitana pambali. "Mwana wanga, chaka chino uzayenda na ise musanga. Chita kosi, upeze mfuti." Amene muli pa ukwati muziba kuti mau ya so siyabwela kabili. Kosi ninachita, mapepala yonse yanakwana, mu August ninangena mu shop.

Wogulitsa ananiikila mfuti zibili pa counter. Yoyamba .30-06 Springfield, yamene basilikali ba America banayamba kusebenzesa mu 1906. Yachibili .300 Winchester Magnum, yamene inatuluka mu 1963. Zonse zibili zilasa chipolopolo cha saizi imodzi, 7.62mm. Kusiyana kuli ku botolo ya kumbuyo. Ya magnum ni ikulu, ingena wonga wambili, ndiye chipolopolo chichoka na liwilo maningi. Cholema 180 grain mu .30-06 chitamanga pafupifupi mamita 820 pa second, mu magnum pafupifupi 900.

Ine nenze nagula kale mumutima pamene ninamvela chabe liu yakuti magnum. Muziba matenda yatu ba Zed. Foni ifunika ikulu, speaker ifunika imveke mpaka ku market. Ninaganiza kuti .30-06 ni ya madala, bapongozi bali nayo yakudala yamene mutengo wake unasila na penti. Nenze kufuna baone kuti mukamwini wao si wa masobela. Ndalama zamene ninaonjezela pa magnum na scope zenze za malata ya bamayo ku Chawama. Ninazinamiza kuti nizabweza na overtime.

Bapongozi banaiyangana, banaipima kulema mumanja, banaibweza. Banakamba chabe kuti, "Pa Saturday tiyende ku range."

Ninankala pa bench, diso pafupi na scope, nadonsa. Mwe bantu! Mfuti inabwela kumbuyo monga bulu yapanda. Scope inanitema pamwamba pa diso, magazi mpaka pa shati. Phewa inazizila yonse. Bapongozi bananipasa ka nsalu, banakamba kuti nisabike nkhope pafupi, basi.

Chilonda chinapola mu sabata imodzi, koma mantha yanasala. Banakolobeka mbale ya pepala pa mayadi 100, ati mutima na mapapo ya deer ni saizi yamene iyi. Pa vipolopolo 5 ninalasa mbale kabili chabe. Ninakamba kuti scope siili bwino. Beve banatenga mfuti yamene ija, balasa katatu, vonse pakati.

Pamene apo banachita chintu chamene sinizaibala. Ati, "Yangana kumbali, nikuikile chipolopolo." Bananipasa. Napema, nadonsa. Kunamveka chabe ka "kiliki". Benze baikamo chipolopolo cha boza. Koma ine nenze navala menso kudala, phewa nakankha kusogolo, mulomo wa mfuti wayangana pansi. Mfuti siinalile, ine ninajumpa neka.

"Waona?" banatelo. "Uyopa mfuti yako. Tupi yako itaba chipolopolo chikalibe kuchoka. Pa pepala ni vosekesa. Musanga uzalasa deer mumala, izataba, izafela mu dambo pambuyo pa masiku yabili na kubaba, nyama izaola. Ine sinitenga muntu wa so."

Mu motoka pobwelela sininakambe kantu. Usiku madam ananifunsa chamene chavuta, ninamuuza vonse, na va malata. Sanakalipe. Ananifunsa chabe kuti, "Bamayo baziba?" Iyo funso inanibaba kuchila scope.

Nisanamizile magnum. Ni mfuti yabwino pa nchito yake. Ngati ulasa elk ku Montana olo ku Wyoming, nyama ikulu ili patali mamita 300 olo 400 na mphepo ikuntha, liwilo ija itandiza, chipolopolo sichigwa maningi ndipo chifika na mphamvu. Ni chimodzimodzi na ma professional hunter ku Luangwa bamene banyamula .375 pa njati, nyama yeka ndiye ifuna. Koma musanga mwa bapongozi mitengo ni yotitikana, deer uiona pafupi, kambili pansi pa mamita 100. Pa mutunda uyo .30-06 ikwanilatu. Chamene magnum ionjezela ni kupanda pa phewa, chongo, mulomo utali wokola mu vitsamba, na nyama yambili yoonongeka pamene chipolopolo changena na liwilo. Futi box ya vipolopolo va magnum idula, so muntu wa malipilo monga yanga aphunzila pang'ono, ndipo mfuti yamene suphunzila nayo siuzaiziba.

Mu September ninaigulisa. Ninaluza, osanama. Ninagula .30-06 ya second hand, ndalama zosala ninatuma ku Chawama pamodzi na overtime ya myezi ibili. Ninatumila bamayo foni nabauza chifukwa chake malata yanachedwa. Banaseka maningi, ati, "Iwe wa malegeni, manje ulasa mbawala za bazungu?"

Bapongozi bananibwezela pansi. Tinayamba na ka .22, kamene sikapanda olo pang'ono, mpaka menso yanaleka kuvalika. Pambuyo pake .30-06, ma Saturday yonse ya October. Nayo ipanda, koma ni kupanda kwamene tupi ivomela. Sabata yosiliza ninalasa mbale 5 pa 5. Mudala anachosa mbale ija, anaipeteka, anaiika mu thumba yake.

Siku yoyamba ya season tinauka 04:00. Mphepo ya kuno mu November, June wa ku Lusaka ni masobela. Ninankala pa mutengo maola yatatu, vala va kumendo osavimvela. Kuma 09:00 deer yaimuna inatuluka mu vitsamba, mamita monga 60. Mutima unagunda monga ngoma ya Vimbuza. Ninayembekeza ipindamuke inipase mbali, napema, nadonsa na menso yosegula. Inatamanga pang'ono chabe, yagwa.

Bapongozi banafika, banayangana pamene chipolopolo chinangena, kumbuyo kwa mwendo wa kusogolo. Bananigwila pa phewa, yamene ija inazizila mu August, ati, "Tenga mupeni, nikulangize kutumbula."

Pa Thanksgiving pa tebulo penze turkey yao na mupika wanga wa deer ya tomato na anyezi. Ninaphika nsima. Mudala anasamba mumanja, anatema nthongo, anaviika mu supu monga wa ku Chipata. Ka chipsela pamwamba pa diso kakaliko, ndipo bafana ku nchito bakanifunsa nimakamba zoona, kuti inanitema ni mfuti yamene ninagulila kuonesa bantu.