Kale ankayeza chifuwa, lero akuyeza Chingerezi

Anyamata a ku Nkhamenya sanayambe lero kuimirira m'mphepete mwa msewu wa M1 ndi zikwama m'manja. Ndili mwana ankapita ku Wenela, mpaka ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 ndipo Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi. Kenaka kunabwera za ku Joni, za pabasi ndi zodumpha malire. Masiku ano pali ulendo wina umene anthu saulengeza mpaka mwiniwake atakwera ndege: kukalowa usilikali ku Britain. Ambiri amauyesa chinthu chachilendo chobwera ndi mafoni, koma mwa maulendo onsewa wakale kwambiri ndi womwewu. Chimene chasintha ndi chakuti ndani amasenza katundu wake, makamaka katundu wa chiyankhulo.

M'mudzi mwathu munali madoda angapo amene tinkangowatchula kuti a Keyala, ndiye kuti King's African Rifles, gulu limene Angerezi analikhazikitsa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland kuno. Mmodzi mwa madodawa anali mchimwene wawo wa agogo anga aakazi. Iwowa anafika ku Burma mu 1944, atadutsa ku Kenya ndi ku Ceylon. Sukulu sanaione n'khomo lomwe. Mmene ankafotokozera, asilikali olemba anthu ndiwo anachita kubwera okha ndi galimoto, mfumu itauzidwiratu kuti isonkhanitse anyamata. Anawavula malaya, nawakulunga tepi pachifuwa, nawayasamulitsa kuti aone mano, nawayang'ana kuphazi ngati kuli matekenya kapena zilonda. Wokhoza ankadinda chala papepala n'kukwera galimoto yopita ku Zomba. Yunifolomu, chakudya, sitima, zonse zinali za boma.

Nanga ankamvana bwanji ndi azungu? Apa ndi pamene ana a masiku ano amandiyang'ana ngati ndikupeka. M'mabataliyoni a ku Nyasaland chiyankhulo cha ntchito chinali Chinyanja, monga momwe ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika chinalili Chiswahili. Mzungu wotumizidwa kudzatsogolera asilikali a kuno ndiye ankayenera kuchiphunzira, mayeso ake n'kulemba. Mawu a pa pelete okha, aja otembenuza munthu kumanja ndi kumanzere, ndiwo anali a Chingerezi, ndipo amenewo munthu ankangowaloweza ndi miyendo. Agogowo akamwa pang'ono ankakonda kutsanzira kaputeni wawo, mnyamata wa ndevu zosamera bwino amene ankatafuna Chinyanja kudzera m'mphuno, mawu onse olondola koma mayimbidwe ake osokonekera. Tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo eni anabwerako ndi Chiswahili chochuluka ndi Chingerezi cha mawu otukwana okhaokha. Amene amaonerera mganda kapena malipenga kuno kwathu akudziwa kuti kuguba kuja, makabudula oyera aja ndi maudindo a ovina, zonsezo n'zotsalira za nthawi imeneyo.

Sindikufuna wina aganize kuti ndikulirira masiku amenewo. Mzungu sankaphunzira Chinyanja chifukwa chotikonda ayi. Ankafuna kuti akalamula amveke. Ndipo kusadziwa Chingerezi kunali denga: msilikali wakuda, ngakhale akhale wolimba mtima chotani, ankathera pa usajeni meja, pansi pa mzungu amene wangotuluka kumene kusukulu. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, Keyala n'kusanduka Malawi Rifles, panapita zaka mpaka 1972 kuti Mmalawi, Graciano Matewere, akhale mkulu wa asilikali onse. Kusankhanso kunkatsata mtundu. Kwa nthawi yaitali Angerezi ankakhulupirira kuti Ayao ndiwo obadwira nkhondo, mitundu ina n'kumaiona ngati yongoyenera kusenza katundu. Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, amtengatenga ochokera m'dziko lino analipo pafupifupi 200,000, ambiri ochita kugwidwa, ndipo John Chilembwe anali atalemba kale kalata yake yodandaula mu Novembala 1914. Pa nkhondo yachiwiri, ndalama ya zikomo potuluka usilikali inali masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene msilikali wamba wachizungu watumikira, koma wakuda atatu ndi theka. Agogo aja anagulira yawo njinga, n'kuthera pomwepo.

Mbadwo wanga unalowa usilikali wa dziko lathu lomwe. Ndikukumbukira anzanga amene anapita ndi satifiketi ya Sitandade 8 kapena ya JC, nakathera ku Cobbe, ku Kamuzu Barracks kapena ku Moyale ku Mzuzu. Lero amene akufuna kukaphunzira usilikali ku MAFCO ku Salima amafunsidwa MSCE, ndipo MSCE yomweyo sutenga ngati walephera Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Choncho chipata cha Chingerezi chinayamba kutsekeka konkuno tisanaganizire n'komwe za kunja.

Khomo la ku Britain lakhala likutseguka ndi kutsekeka malinga ndi njala ya eni ake. Mu 1998 anachotsa lamulo loti munthu wa m'mayiko a Commonwealth akhale kaye zaka zisanu m'dzikomo asanalembedwe, ndipo m'zaka za nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan anyamata a ku Fiji, Ghana, Jamaica ndi athu ena analowa. Mu Julaye 2013, pamene ankachepetsa asilikali, analibwezeretsa. Mu Novembala 2018, atasowanso anthu, analichotsanso, nalengeza kuti akufuna kumalemba anthu okwana 1,350 pachaka ochokera ku Commonwealth yonse, apamtunda, apanyanja ndi amumlengalenga pamodzi. Tangoganizani, malo 1,350 kulimbirana mayiko oposa 50, muli India ndi Nigeria momwemo. N'chifukwa chake mwayi wofunsira umatsegulidwa kanthawi kochepa n'kutsekedwanso.

Mwana wa mlongo wanga anayamba kutsata za ulendowu atamaliza Fomu 4. Ndinamupeza tsiku lina atakhala pa chulu kuseri kwa zigafa, pamene netiweki imagwira bwino, manja ali bii ndi phula la fodya, akudinda pafoni ya galasi losweka ndi kachala kakang'ono kuti asaidetse. Ankayankha mafunso a zaumoyo. Anandionetsa mawu amene anamuimitsa, mayina a matenda amene sanawamvepo, ndipo anali atatsegula dikishonale mbali ina ya foni. Ndinamufunsa ngati bambo ake akudziwa.

"Ayi amalume, ndiwauza zikatheka. Mukudziwa mmene alili, ayamba kuwerengera mabelo."

Sananame. Kufunsira kwenikweniko n'kwaulere, ndipo aliyense wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akuti ndi ejenti wokulowetsani mukamupatsa ndalama ndi mbava basi. Koma zotsatira zake zonse n'za m'thumba mwako. Pasipoti, mapepala a dokotala, viza, tikiti ya ndege, zonse wekha. Uyeneranso kukhala ndi wachibale kapena mnzako ku Britain konko wovomera kukusunga pamene ukudikira, ndipo pa nthawi imeneyo sukuloledwa kugwira ntchito. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ulendo wotere unakwera usiku umodzi. Ndipo ukafika sikuti walembedwa, wangofika pokayesedwa. Mlimi wa fodya amaudziwa bwino mchitidwe umenewu: walima, wasoka, wasankha, wadinda, walipira thiransipoti mpaka ku okushoni ku Chinkhoma, kenaka wogula angosuzumira kamodzi n'kulibweza belo, ndipo zonse zimene waononga n'zako.

Kuyesedwako kumachitikira m'malo monga Pirbright, Lichfield kapena Glencorse kufupi ndi Edinburgh. Chifuwa amachiyezabe, tisanamizane: dokotala amamvetsera mtima, amayeza maso ndi makutu, ndipo pali mayeso a mphamvu ndi kuthamanga. Zimenezo mwana wokulira pa khasu ndi pa njinga ya kabaza sizimuopsa, ngakhale pali chinthu chimodzi chimene makolo ayenera kuchidziwa. Mu Novembala 2019 anyamata awiri, wina wa ku Ghana ndi wina wa ku Malawi, anamwalira masiku osiyana atakomoka pothamanga makilomita awiri ku Lichfield. Onse awiri anapezeka kuti anali ndi chibadwa cha magazi cha sickle cell, chimene munthu angakhale nacho moyo wonse osadwala, koma chimatha kuvuta thupi likapanikizidwa kwambiri. Kuchokera pamenepo asilikali a ku Britain anayamba kuyeza magazi a ofunsira. Banja limene likugulitsa ng'ombe kuti ligule tikiti lingachite bwino kuyamba layezetsa mwanayo konkuno.

Koma gawo lalikulu la masiku oyesedwawo limayenda pa Chingerezi. Pali mayeso a pakompyuta oyeza kuganiza mwachangu, wotchi ikuwerenga. Pali ntchito za pagulu, pamene amakupatsani matabwa ndi zingwe kuti muoloke malo ena, woyesa ali chete pambali kuona amene akupereka maganizo ndi amene akungotsatira. Pomaliza umakhala pansi ndi msilikali wamkulu n'kufotokoza chifukwa chimene ukufunira ntchitoyi. Ndipo Chingerezi chake si chija cha m'buku la galamala. Ndi cha kopolo wa ku Glasgow kapena Newcastle amene akukuwa mvula ikugwa, kumeza theka la mawu. Mwana wathu amene anakhoza bwino kulemba chimangirizo akhoza kuima kakasi, osati chifukwa chopusa, koma khutu lake silinamvepo zotere. Palinso mwambo wathu. Tinamulera kuti poyankhula ndi wamkulu aziweramitsa maso, asamatsogoze mawu, asamadzitame. Uko kuweramitsa maso amakuwerenga ngati mantha kapena kubisa kanthu, ndipo wosadzigulitsa pakamwa amaoneka wopanda chidwi.

Ine sinditsutsa kuti msilikali azimva chiyankhulo cha gulu lake. Pa wailesi ya kunkhondo, kapena pothandiza mnzako wovulala, kusamva liwu limodzi ndi imfa. Chingerezi chomwecho ndicho chachotsa denga lija, moti Mmalawi wa lero amalandira malipiro ofanana ndi mnzake wa ku Leeds wa udindo womwewo, amaphunzira ntchito ya manja, ndipo akhoza kukwera. Chimene chimandiwawa n'chakuti sefa imeneyi sisefera ku Lichfield, imasefera kuno, mwana asanafike ndi Sitandade 5 yomwe. M'boma lomwe lino la Kasungu muli Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981 ndi Chilatini ndi Chigiriki chomwe, ndipo mulinso sukulu zoyendera kumene kalasi lonse limalimbirana mabuku owerengeka. Ana a matenanti a m'maesiteti ozungulira Nkhamenya, amene makolo awo anachokera ku Mulanje, Thyolo ndi Mangochi, amakula akuyankhula Chichewa, Chitumbuka cha anzawo a kuno, ndi Chilomwe kapena Chiyao cha pakhomo. Ziyankhulo zitatu, koma pa fomu ija palibe malo ozilembapo. Sukulu amaidukiza nyengo yothyola fodya. Amenewa ndiwo anthu a mtundu umene galimoto ya Keyala inkanyamula, olimba, opirira, osowa pogwira. Lero sangafike ngakhale pa tsamba loyamba. Amene amapita ndi mwana wa mphunzitsi, wa mwini golosale, wa mlimi wa kontilakiti amene ali ndi mlongo wake namwino ku Manchester.

Wa mlongo wangayo ali pakati, sali pamwamba sali pansi. Wowasunga alipo, msuweni wa bambo ake. Pakali pano amagona ndi BBC m'makutu, ndipo madzulo amathamanga mumsewu wafumbi wolowera ku mishoni, ana akumukuwiza. Bambo ake atauzidwa sanakane, anangofunsa funso limene ine sindinaliganizire: nanga mtsikana amene akumufuna uja? Pamenepo mpamene tinadziwa kuti mayeso sathera pa mwamuna. Msilikali wa Commonwealth wofuna kuitanitsa mkazi wake ayenera kuonetsa kuti malipiro ake afika pa mlingo umene boma la Britain linaika, alipire viza, ndipo mkaziyo akhoze mayeso ake a Chingerezi choyankhula ndi kumva asananyamuke. Kuyambira mu Epulo 2022 msilikali amene watumikira zaka zisanu ndi chimodzi salipiranso mapaundi 2,389 amene ankafunika kuti akhazikike m'dzikomo atatuluka usilikali, koma chikhululukiro chimenecho chinali cha msilikali yekha, osati mkazi ndi ana. Mtsikanayo analekeza Fomu 2 chifukwa cha fizi. Mlamu wangayo, ataphatikiza zonse pa chikuto cha buku la kalabu ya fodya, ananena kuti fizi ya mtsikanayo ilowe mu bajeti yomweyo ya tikiti, ndipo teremu ikubwerayi akayambiranso Fomu 3 ku sukulu ya masana.