Chiswe cha Mumtima

Mayeso akafunsa kuti anagwetsa ufumu wa Roma wa kuzambwe ndani, yankho lopatsa malikisi ndi lapafupi: mitundu yochokera kumpoto, nkhondo zapachiweniweni, misonkho yolemetsa alimi, ndi kugawika kwa ufumuwo pawiri m'chaka cha 395. Zonsezo nzoona. Koma pali mitembo iwiri m'nkhaniyi imene imandisowetsa tulo, chifukwa amene anapha anthuwo sanali adani akunja.

Woyamba ndi Stilicho, mkulu wa asilikali a mfumu Honorius, amenenso anali mpongozi wake wa mfumuyo. Iyeyu ndiye anabweza Alaric ndi ankhondo a mtundu wa Goth ku Pollentia m'chaka cha 402, ndipo mu 406 anagonjetsanso khamu la Radagaisus. Koma bambo wake anali wa mtundu wa Vandal, ndipo kunyumba ya mfumu kunali anthu amene kutchuka kwake kunkawawawa. Nduna ina, Olympius, inayamba kunong'oneza kuti Stilicho akufuna kulonga mwana wake ufumu. Mu 408 anamudula mutu ku Ravenna. Kenaka akazi ndi ana a asilikali achilendo amene ankamenyera nkhondo Aroma anaphedwa m'mizinda ya ku Italy, ndipo amuna awo zikwizikwi anathawira kwa Alaric. Patangopita zaka ziwiri, mu 410, Alaric analowa mu Roma nafunkha mzindawo masiku atatu, chinthu chimene mdani wakunja anali asanachite kwa zaka pafupifupi 800.

Wachiwiri ndi Aetius, amene anatsekereza Attila ku Gaul mu 451. Nayenso anamunenera zoipa kwa mfumu, ndipo mu 454 Valentinian III anamupha ndi dzanja lake, ali pa zokambirana m'nyumba yachifumu. Chaka chotsatira anthu awiri amene kale anali a Aetius anapha mfumuyo, ndipo miyezi itatu isanathe a Vandal anali akunyamula chuma cha mu Roma kwa masabata awiri. Pofika mu 476, pamene Odoacer anachotsa mfumu yotsiriza pa mpando, mphepo inangokankha mzati umene chiswe chinali chitaumaliza kale.

Tsono, anzanga, chimene chimandiopsa nchakuti Olympius ndimamudziwa. Sindinamuwerenge m'buku mokha ai. Muli kamunthu mwa ine kamene kamadzuka mnzanga akaimirira pa msonkhano wathu wa alembi nkuwerenga ndakatulo yogwira mtima. Makutu akumva kukoma, iko kali kalikiliki kufunafuna mzere wotsimphina. Zotsatira za mayeso zikakhomedwa, kamayamba kuwerengera kuti uje wakhoza chifukwa aphunzitsi amamukonda, kapena chifukwa cha kumene amachokera. Ndipo usiku, ndikakhala ndekha ndi pepala, kamanditembenukira ine ndemwe: "Ukuzunzikiranji? Adzawerenga ndani?" Kamunthu komweko kamene sikafuna kuti mnzanga akwere sikafunanso kuti ine ndiyese.

Ndikukhulupirira kuti sindili ndekha. Timvetsere mmene timachezera ku chipinda chodyera: aliyense amene wachita bwino timampezera chifukwa chomunyozera, aliyense wofuna kuyamba chinthu timamuuza mmene chidzalepherere, ndipo wonyoza kwambiri ndi amene timamuyesa wozindikira. Kunja tikuoneka ophunzira, mabuku m'khwapa, Chingerezi chili pakamwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Wina anganene kuti tinabwera kuno kudzaphunzira kukayika ndi kudzudzula, ndipo sindikukana. Msonkhano wongowomba m'manja sunapangepo mlembi. Koma kudzudzula kumene kumathandiza kumafuna kuti ndakatulo ikome kuposa mmene yabwerera, pamene nsanje imafuna kuti mwini wake asadzabwerenso sabata yamawa. Mawu ake akhoza kufanana ndithu. Wodziwa kusiyana kwake ndi mwini mtima yekha. Olympius naye ayenera kuti ankadziona ngati munthu wochenjera amene akuteteza mfumu yake.

Nchifukwa chake nkhani ya Roma sindiiona ngati yakutali. Ife amene tikukhala m'makalasi muno ndi amene tidzakhale m'maofesi, m'mabwalo a milandu ndi pafupi ndi makutu a akuluakulu. Kamunthu kaja sikadzatsala pachipata tsiku lolandira digiri. Lero mphamvu yake ndi yongofooketsa mnyamata wa chaka choyamba amene wabwera ndi nkhani yake yoyamba, manja akunjenjemera. Mawa kadzakhala ndi cholembera chosainira kalata yochotsa munthu ntchito.

Ine ndaganiza zoyamba ndi chinthu chaching'ono chimene ndingathe. Kamunthuko kakandipatsa mawu okanena, ndizidikira kaye mpaka nditapeza chimodzi chimene mnzangayo wachita bwino kuposa mmene ine ndikanachitira, nkuchinena mokweza pamaso pa onse. Zotsalazo ndingazinene pambuyo pake, ngati zikhale zikadali zoona.