Lamba wa m'khosi mwa galu

Kwathu ku Ntcheu, m'zaka za m'ma 1980, galu sankavala kanthu m'khosi. Wa bambo, dzina lake Mulekeni, ankagona pansi pa nkhokwe, m'mawa n'kuwatsata kumunda, tchire likapsa n'kupita ndi anyamata kuuzimba wa akalulu. Chingwe ankachiona pokhapokha a za ziweto akalengeza kuti agalu onse amangidwe chifukwa kwabuka chiwewe. Masiku oterowo galu wopezeka akuyendayenda ankaomberedwa, choncho bambo ankasenda luzi la mombo, n'kulipota, n'kumumangirira pamtengo wa mango. "Iwe, kokako uone ngati lingaduke," ankandiuza. Chingwe chabwino chinali chosaduka basi. Lamulolo likatha, luzi lija tinkamangira nkhuni.

Nzeru imeneyo ndinapita nayo ku Blantyre mu 1996. Ku Chilomoni kumene ndinkachita lendi, akuba anali atavuta, ndipo aliyense ankati galu womangidwa usana ndiye amalusa usiku. Ndinagula kamwana ka galu kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu, n'kukatcha Simba. Lamba ndinalibe. Ndinatenga waya wotsala pokonza magetsi, n'kumuzunguliza m'khosi, n'kupotokola nsonga zake ndi pulayala, kenako n'kulumikiza tcheni. Tsiku limenelo wayayo anali wokhwepa ndithu.

Koma mwana wa galu amakula msanga, ndipo waya sakula naye. Ubweya unabisa zonse. Patapita miyezi ngati itatu Simba anayamba kukana nsima, kumangopukusa mutu, ndipo pakhomo panayamba kumveka fungo. Nditapatula ubweya ndinapeza waya atalowa m'mnofu kuzungulira khosi lonse, m'balamo muli mphutsi. Dokotala wa ziweto anachita kumubaya jakisoni wogonetsa kuti adule wayayo. Sanandikalipire. Anangotenga zala zanga ziwiri, n'kuzilowetsa pakati pa bandeji ndi khosi la galuyo, n'kunena kuti, "Bambo, chilichonse chimene mwamuveka, zala ziwiri zizilowa chonchi, ndipo muziyesa sabata iliyonse mpaka atasiya kukula." Simba anakhala zaka 11, koma pakhosi pake panatsala mzere wopanda ubweya mpaka imfa yake. Ndikamamusisita, dzanja linkaima pamenepo.

Kuti anthu tasintha ndinakuona bwino mu 2015, pamene a Mission Rabies anabaya katemera waulere agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre. Ndinaima pamzere pasukulu ina ya pulayimale, ndipo ambiri obweretsa agalu anali ana. Wina anamanga wake ndi linya, wina ndi chidutswa cha neti ya udzudzu, wina ndi tcheni cha njinga, kamtsikana kena kanabereka wake pachitenje. Mnyamata wina amene galu wake ankatsokomola chifukwa cha chingwe chothina anadzudzulidwa ndi anzake omwe, palibe wamkulu amene anatsegula pakamwa.

Lero m'nyumba mwathu muli galu wamng'ono wa ubweya wambiri, Bubu, amene mwana wanga anapatsidwa ndi mnzake. Amagona pamkeka m'chipinda chochezera, chinthu chimene agogo akanati ndi malodza. Ndinamugulira lamba wa nayiloni wa m'sitolo, wolimba, wokhala ndi chitsulo chomangira ndi kamphete kolendewera. Zala ziwiri zinkalowa, mtima wanga unali m'malo. Tsiku lina Bubu anakwera pampando kuti aone amene akugogoda pageti, kamphete kaja kanakola pazitsulo za pazenera, miyendo n'kuterereka. Sanauwe, chifukwa galu wolendewera alibe mpweya wouwira. Mayi a kunyumba anangomva zikhadabo zikukanda khoma, n'kuthamanga ndi sizasi. Akanakhala kuti apita kumsika, tikanamupeza atafa.

M'nyumba muli zokola zambiri kuposa kumunda: zitsulo za pazenera, chogwirira cha kabati, waya wa khola, msomali wotuluka pampando. Agalu awiri akamasewera, nsagwada ya wina imathanso kulowa mu lamba wa mnzake, ndipo akamagubuduka lambayo amapotana n'kumathina. Pamenepo kulimba kumene bambo ankandiyesetsa pa luzi ndiko kumapha. Malamba omasuka okha akakokedwa mwamphamvu alipo, koma m'masitolo amene ndinayendamo sindinawapeze.

Ndiye ndinapita kwa telala wa pakhonde la golosale ndi chidutswa cha chitenje chakale. Ndinamupempha achipinde katatu, mulifupi mwake mukhale ngati zala ziwiri kuti chisacheke khungu, ndipo kumapeto asokereko kachidutswa kakafupi ka Velcro, kansalu komata kaja ka pa nsapato za ana. Atamaliza anakoka, kalambako n'kumatuka.

"Achimwene, izi sizigwira galu. Ndiikepo chitsulo?"

"Ayi, siyani choncho. Ndikufuna kazimatuka."

Anandiyang'ana kaye, kenako anasoka tiwiri tina kuti kena kakachapidwa kena kazivalidwa. Nambala ya foni ndinailemba pansalupo ndi cholembera chosafufutika, kuti pasakhale kolendewera kalikonse. Mwana wanga ankafuna kuikapo mikanda, ndinamukaniza, chifukwa galu amameza. Mphira wa chubu cha njinga, umene ambiri amadulira agalu awo, sindiufuna: umatanuka, mwendo umalowamo podzikanda, ndipo suduka.

Kalamba ka chitenje sikoyendera pamsewu. Tikamatuluka, Bubu amavala lamba wodutsa pachifuwa ndi kumsana, kuti akakoka mphamvu isathere pammero. Usiku ndimamuvula zonse. Ndimakhala naye pamkekapo, n'kuyendetsa zala m'khosi mwake kufufuza nkhupakupa, ndipo ubweya umakhala wathunthu kuzungulira konse.